Kupeza Ndondomeko Yosamalira Pakhomo Yokuyenerani

Nyumba iliyonse imene mukukhala anthu imada. Fumbi limalowa, mbale zimadyeredwa, zovala zimavalidwa, ndipo katundu amene walowa pakhomo nthawi zambiri satulukanso. Ntchito ya ukhondo siitha, imangobwerezedwa. Choncho funso limene banja lililonse limakumana nalo ndi lakuti: ntchito iti igwiridwe liti, kangati, ndiponso ndi ndani, kuti pakhomo pakhale pabwino popanda munthu wina kufa nayo ntchito? Yankho la funso limeneli ndilo tikulitcha ndondomeko. Nkhani ino ikufotokoza kumene maganizo osiyanasiyana a nkhaniyi anachokera, zimene zikudziwika bwino, zimene akatswiri akutsutsanabe, ndi mmene banja lingasankhire njira yogwirizana ndi moyo wake.

Ntchito zitatu zimene timaziphatikiza

Tikamati "kusamalira pakhomo" timakhala tikunena ntchito zitatu zosiyana. Yoyamba ndi kuyeretsa: kusesa, kukolopa, kutsuka, kuchapa ndi kutaya zinyalala. Cholinga chake ndi kuchotsa litsiro ndi tizilombo toyambitsa matenda. Yachiwiri ndi kulongosola, kutanthauza kubwezera chinthu chilichonse pamalo pake chikatha kugwiritsidwa ntchito. Yachitatu ndi kuchepetsa katundu: kuona zimene zilipo n'kusankha zosunga, zopereka kwa ena, zogulitsa ndi zotaya.

Ntchito zitatuzi zimadalirana. Chipinda chodzaza katundu chimatenga nthawi yaitali kusesa chifukwa munthu amayamba wasuntha zinthu. Chinthu chopanda malo ake sichingabwezeredwe pamalo pake. Koma ntchitozi sizifuna nthawi yofanana. Kuyeretsa kwina kumafunika tsiku lililonse, kulongosola kumatenga mphindi zochepa koma pafupipafupi, pomwe kuchepetsa katundu kungachitike kangapo kokha pachaka. Ndondomeko zambiri zimasokonekera chifukwa munthu amafuna kugwira zonse zitatu tsiku limodzi.

Kumene nkhaniyi yachokera

M'midzi ya kuno kwathu ndondomeko inalipo kale ngakhale kuti sinalembedwe. Pabwalo pamasesedwa mbandakucha dzuwa lisanatenthe, mbale zimatsukidwa n'kuyanikidwa pathandala, phulusa limawoledwa moto usanasonkhedwe. Kuzira nyumba kumachitika pansi pakayamba kufumbutuka, ndipo kufolera denga ndi kukonza nkhokwe kumatsatira nyengo. Nzeru imeneyi imaphunzitsidwa poona akuluakulu komanso pachilangizo. Mphamvu yake ndi yakuti ntchito iliyonse inamangiriridwa ku nthawi yodziwika, moti munthu sachita kuganizira kuti ayambe liti.

Mitundu ina ili ndi mwambo woyeretsa nyumba yonse kamodzi pachaka. Ku Japan amachita zimenezi kumapeto kwa December, ku Iran amazichita chaka chawo chatsopano cha Nowruz chisanafike mu March, ndipo Ayuda amasesa nyumba yonse kuchotsa chofufumitsa chilichonse Pasika asanayambe.

Kulemba ndondomeko m'mabuku kunakula ku Ulaya ndi ku America. Buku la Isabella Beeton la mu 1861, Book of Household Management, linkalangiza mayi wa ku Britain mmene angayendetsere nyumba ndi antchito ake. Mu 1913 Christine Frederick wa ku America anatulutsa The New Housekeeping, momwe anatengera kagwiridwe ka ntchito ka m'mafakitale n'kukalowetsa m'khitchini: kuwerenga mapazi amene mayi akuyenda, kuika ziwiya pafupi ndi pomwe zimagwira ntchito, ndi kugawa ntchito potsata masiku a sabata. Ambiri ankayembekezera kuti makina ochapira ndi oyamwa fumbi adzachepetsa ntchito ya pakhomo. Koma katswiri wa mbiri yakale Ruth Schwartz Cowan, m'buku lake la mu 1983, More Work for Mother, anaonetsa kuti makina atabwera anthu anangokweza muyeso wa ukhondo. Zovala zinayamba kuchapidwa kawirikawiri, ndipo ntchito zimene kale zinkagawidwa kwa antchito, amuna ndi ana zinatsalira mayi yekha.

Vuto la kuchuluka kwa katundu ndi laposachedwa, ndipo linabwera ndi kutsika mtengo kwa zinthu zopangidwa m'mafakitale. Kuno timaliona kudzera m'kaunjika, ziwiya zapulasitiki, majumbo, zigubu, mafoni akufa ndi mphatso za paukwati zimene zimakhala m'makatoni zaka zambiri, pomwe nyumba za lendi m'matauni n'zazing'ono.

Njira zikuluzikulu zimene anthu amatsata

Njira yoyamba imati pang'onopang'ono tsiku lililonse. Woitchukitsa kwambiri ndi Marla Cilley wa ku North Carolina, wodziwika ndi dzina lakuti FlyLady. Iye amalangiza kuyamba ndi malo amodzi, sinki wa m'khitchini, kuti azigona ali woyera usiku uliwonse. Kenako munthu azigwira ntchito kwa mphindi 15 zokha n'kusiya, ndipo nyumba igawidwe m'zigawo zisanu zoti zizisamalidwa mosinthanasinthana pamwezi. Njirayi imathandiza amene amagwa mphwayi akaona kukula kwa ntchito, ndiponso amene ali ndi ana aang'ono. Kufooka kwake n'kwakuti kusintha kumachedwa kuoneka, ndipo ngati katundu ali wambiri munthu amangomusuntha kuchoka kuchipinda china kupita kwina.

Njira yachiwiri imati kamodzi n'kamodzi. Marie Kondo wa ku Japan, amene buku lake linatuluka m'Chijapanizi mu 2011 ndi m'Chingerezi mu 2014, amati kuchepetsa katundu kuchitike kamodzi, mwamphamvu, m'miyezi yochepa. Munthu asamayendere zipinda koma mitundu ya zinthu: zovala poyamba, kenako mabuku, mapepala, zinthu zina zosiyanasiyana, ndipo pomaliza zinthu zachikumbutso. Zinthu zonse za mtundu umodzi ziunjikidwe pamodzi kuti mwini wake aone kuchuluka kwake, n'kusunga zokhazo zimene zimamusangalatsa. Ubwino wake ndi wakuti zosavuta kusankha zimayamba, zopweteka mtima zimabwera munthu atazolowera. Koma njirayi imafuna nthawi yaitali yopanda chosokoneza. Mu 2023 Kondo mwiniwake ananena poyera kuti chibadwire mwana wake wachitatu nyumba yake sikhalanso yolongosoka ngati kale, ndipo anavomereza zimenezo.

Njira yachitatu ndi yogawa ntchito potsata masiku: kuchapa tsiku lake, kukolopa tsiku lake, kusita tsiku lake, kapena kusunga zonse mpaka Loweruka m'mawa. Mabanja ambiri a m'tauni amatsata imeneyi chifukwa ndi tsiku limene aliyense amapezeka. Vuto lake limaoneka Loweruka likagwa maliro, ukwati kapena madzi akasiya kutuluka kumpopi, pakuti ntchito ya sabata yonse imadikira sabata ina.

Njira yachinayi inachokera m'mafakitale a ku Japan, makamaka ku Toyota, ndipo imatchedwa 5S. Masitepe ake ndi asanu: kupatula zofunika ndi zosafunika, kupatsa chilichonse malo ake, kuyeretsa, kugwirizana malamulo amene aliyense aziwatsata, ndi kupitiriza mpaka zikhale chizolowezi. Zipatala zina za boma ku Malawi zinaphunzitsidwa njirayi mothandizidwa ndi bungwe la ku Japan la JICA. Pakhomo imathandiza kwambiri pamene anthu ambiri akugwiritsa ntchito zinthu zomwezo, chifukwa aliyense amadziwa kumene mpeni, makiyi ndi machesi amakhala.

Njira yachisanu imayang'ana kutsogolo. Margareta Magnusson wa ku Sweden analemba mu 2017 kuti munthu akayamba kukalamba achepetse yekha katundu wake, apereke zimene akufuna kupereka adakali ndi moyo, kuti asadzasiyire ana mtolo wosankha ali pachisoni. Aliyense amene anaonapo mikangano ya chuma cha masiye akhoza kumvetsa phindu la maganizo amenewa.

Zimene zikudziwika bwino

Mbali yosakayikitsa ndi ya matenda. Matenda otsegula m'mimba monga kolera, kamwazi ndi typhoid amafala pamene tizilombo ta m'chimbudzi cha munthu tafika m'kamwa mwa wina kudzera m'manja, m'madzi, m'chakudya kapena mwa ntchentche. Mliri wa kolera umene unayamba ku Malawi mu March 2022 unapha anthu oposa 1,700. Kafukufuku wa m'maiko ambiri amasonyeza kuti kusamba m'manja ndi sopo kumachepetsa matenda otsegula m'mimba pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Izi zikutanthauza kuti malo onse a m'nyumba sali ofanana. Chimbudzi ndi chivindikiro chake, mpondagiya kapena posambira m'manja, ndowa ya madzi akumwa ndi kapu yotungira, podulira nyama, ndi kansalu kopukutira mbale ndi zofunika kwambiri kuposa mawindo onyezimira. N'chifukwa chake alangizi a zaumoyo akafika pakhomo amafunsa za chimbudzi, thandala ndi dzenje la zinyalala.

Kangati ntchito igwiridwe kumadaliranso moyo wa tizilombo. M'nyengo yotentha ntchentche imachoka kudzira kufika pouluka m'masiku 7 mpaka 10, ndipo udzudzu umatenga sabata imodzi kapena awiri m'madzi odikha. Choncho zinyalala za m'khitchini zisagone m'nyumba, ndipo zitini, matayala ndi zigubu zosunga madzi pabwalo zizikhuthulidwa kamodzi pasabata. Udzudzu wa malungo umaswana kwambiri m'zithaphwi zakunja, motero kusamalira pabwalo sikulowa m'malo mwa kugona m'masikito. Mphemvu ndi makoswe zimafuna chakudya, madzi ndi pobisala, ndipo milu ya makatoni ndi matumba imazipatsa pobisalapo. Chuku chimamera pamene pali chinyezi ndipo mpweya sukuyenda, monga kuseri kwa kabati m'dzinja, ndipo chimavutitsa kwambiri odwala mphumu.

Zikudziwikanso kuti sopo ndi madzi ziyenera kutsogola. Mankhwala a kolorini monga Jik amafooka akakumana ndi litsiro, choncho malo ayambe atsukidwa. Jik asasakanizidwe ndi viniga, mankhwala ena otsukira chimbudzi kapena chilichonse chokhala ndi amoniya, chifukwa zimatulutsa mpweya wapoizoni. Parafini ndi mankhwala a mbewu zisasungidwe m'mabotolo a zakumwa, pakuti mwana sangasiyanitse.

Zimene akatswiri akutsutsanabe

Kodi nyumba yosalongosoka imadwalitsa maganizo? Kafukufuku wotchulidwa kawirikawiri ndi wa Darby Saxbe ndi Rena Repetti wa mu 2010, amene anachitika m'mabanja 30 a ku Los Angeles momwe mwamuna ndi mkazi onse anali pantchito. Amayi amene anafotokoza nyumba zawo kuti n'zodzaza ndi zosamalizidwa anali ndi cortisol, chinthu chimene thupi limatulutsa munthu akapanikizika, yemwe sankatsika bwino pofika madzulo. Kwa abambo mgwirizano umenewu sunaoneke kwambiri. Koma mabanjawo anali ochepa, a dziko limodzi, ndipo kafukufukuyu sanasonyeze chimene chimayambitsa chinzake. N'kutheka kuti nyumba yosalongosoka imabweretsa nkhawa, n'kuthekanso kuti munthu wankhawa ndi wotopa ndiye amalephera kulongosola.

Ena amati kusalongosoka pang'ono kuli ndi ubwino. Mu 2013 Kathleen Vohs ndi anzake a pa University of Minnesota anapeza kuti anthu oikidwa m'chipinda chosalongosoka anabweretsa maganizo atsopano kuposa a m'chipinda cholongosoka. Ofufuza ena atayesanso pambuyo pake sanapeze kusiyana kotere, choncho nkhaniyi sinathe.

Mkangano wina ndi wakuti kodi ukhondo ungapitirire muyeso. Mu 1989 David Strachan wa ku Britain anaona kuti ana a m'mabanja akuluakulu sankadwala kawirikawiri chimfine chobwera ndi mungu, ndipo anaganiza kuti kukumana ndi tizilombo munthu ali wamng'ono kumaphunzitsa chitetezo cha m'thupi. Ena anamva ngati akuti uve ndi wabwino. Akatswiri ambiri lero amati chimene mwana amafunika ndi kusewera panja, kukhala ndi anzake ndi kudya zakudya zosiyanasiyana, pomwe ukhondo wa m'manja, madzi ndi chakudya uyenera kukhala wokhwima.

Pali mkangano winanso wokhudza umphawi. Malangizo akuti "taya, ukadzachifuna udzagula china" ndi a munthu amene ali ndi ndalama. Pakhomo pamene ndalama ndi yosowa, chigubu chimasunga madzi mpopi ukauma, thumba la feteleza limasunga chimanga, ndipo malaya a mwana wamkulu amadikira mng'ono wake. Kusunga kotere ndi nzeru. Malire ali pakuti chinthucho chili ndi ntchito yodziwika ndiponso malo ake. Zigubu zisanu zimene zimatungidwira madzi ndi chuma, koma zigubu makumi awiri zobooka kuseri kwa nyumba ndi moswanirana udzudzu.

Pomaliza, kulephereratu kutaya chinthu chilichonse mpaka zipinda kusagwiritsidwanso ntchito ndi matenda a maganizo, amene madokotala a ku America anawalemba paokha m'buku lawo la matenda mu 2013. Munthu wotere sathandizidwa pomutayira katundu mokakamiza. Amafunika uphungu wa akatswiri.

Chifukwa chimene ndondomeko zimafera panjira

Chifukwa choyamba ndi kuyembekezera kuti chizolowezi chikhazikika msanga. Phillippa Lally ndi anzake a pa University College London anatsatira anthu 96 amene ankayamba chizolowezi chatsopano. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2009, zinasonyeza kuti nthawi yapakatikati inali masiku 66, koma ena anafunika masiku 18 okha pomwe ena ankafunika oposa 200. Kuphonya tsiku limodzi sikunawononge kanthu. Chizolowezi chimamera pamene ntchito yomweyo ibwerezedwa pambuyo pa chizindikiro chomwecho, monga kutsuka mbale mukangotha kudya.

Chachiwiri ndi mmene mtima umagwirira katundu. Daniel Kahneman, Jack Knetsch ndi Richard Thaler anasonyeza mu 1990 kuti anthu amene anangopatsidwa kapu ankafuna ndalama pafupifupi kuwirikiza kawiri kuti aigulitse poyerekeza ndi zimene anzawo ankalolera kulipira kuti aigule. Chinthu chikakhala chathu timachiona chamtengo kuposa mmene chilili. Funso lothandiza ndi lakuti: chikanakhala kuti ndilibe, ndikanachigula lero?

Chachitatu ndi kagawidwe ka ntchito. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linalengeza mu 2018 kuti padziko lonse amayi amagwira magawo atatu mwa anayi a ntchito zosalipidwa zosamalira pakhomo. Ndondomeko yodalira munthu mmodzi imagwa tsiku limene iye wadwala kapena wachoka. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ana aamuna ndi aakazi omwe angaphunzire kuyala bedi, kusesa ndi kutsuka mbale. Pamene pali wantchito, apatsidwe ntchito zomveka ndi nthawi yopuma, koma kusankha zotaya kukhale kwa eni katundu.

Chachinayi ndi kusayang'ana pakhomo polowera. Ngati zolowa zikuchuluka kuposa zotuluka, nyumba idzadzazanso ngakhale mutachepetsa bwanji.

Kupanga ndondomeko yanu

Yambani ndi kuona moyo wanu mmene ulili. Pakhomo pali anthu angati, ndipo ndani amapezeka nthawi yanji? Madzi amachokera kumpopi wa m'nyumba, kukiyosiki kapena kumjigo? Pansi ndi padothi, pasimenti kapena pamatailosi? Banja lotunga madzi kutali lingachite bwino kuchapa tsiku limodzi, n'kugwiritsa ntchito madzi otsukuluzira zovala pokolopa. Banja lochapa ndi kusita podalira magetsi likonze ntchitozo potsata nthawi imene magetsi amayaka.

Kenako gawani ntchito m'magulu anayi. Za tsiku lililonse zikhale zochepa ndipo zikhale zokhudza umoyo: mbale, pophikira, chimbudzi, madzi akumwa, zinyalala ndi kusesa modutsa anthu. Za pasabata ndi monga kuchapa zofunda, kukolopa bwinobwino ndi kukhuthula madzi odikha. Za pamwezi ndi monga kusuntha mipando, kuchotsa ukonde wa akangaude, kuyanika matiresi padzuwa ndi kufufuza nsikidzi, kuona matumba a chimanga ngati mwalowa anankafumbwe, ndi kupatula mankhwala otha nthawi. Amene akufuna tsiku lokumbukira angatsate Lachisanu lachiwiri la mwezi, limene boma la Malawi linalikhazikitsa mu November 2020 kukhala tsiku loyeretsa dziko. Za panyengo zitsate chaka chathu: mu October, mvula isanagwe, konzani denga ndi ngalande; m'dzinja tsegulani mawindo dzuwa likawala ndi kutchetcha udzu; pokolola konzani mosungira chakudya; mu June potulutsa mabulangete, onani zovala zimene sizikukwananso.

Pochepetsa katundu, sankhani njira potengera nthawi imene muli nayo. Wokhala ndi tchuthi kapena wosamuka nyumba angatsate njira ya kamodzi n'kamodzi. Wotanganidwa atenge shelefu imodzi kapena sutikesi imodzi panthawi. Zimene mwapatula zichoke sabata yomweyo, kupita kwa achibale, kumpingo, kwa osoka zigamba kapena kwa ogula zitsulo, chifukwa thumba logonera pakhonde limabwerera m'nyumba. Mapepala ofunika monga chitupa cha unzika, mabuku a kuchipatala, masatifiketi ndi mapepala a malo aikidwe pamodzi m'chinthu chosalowa madzi. Katundu wa munthu wina asatayidwe mwini wake asanavomere, ndipo wa malemu ndi nkhani ya banja lonse.

Yesani ndondomeko yanu kwa miyezi iwiri musanaiweruze. Ntchito imene ikuphonyedwa nthawi zonse isinthidwe nthawi, ichepetsedwe kapena ipatsidwe kwa wina. Muyeso wabwino ndi sabata yovuta, pamene mwana wadwala, alendo afika ndipo madzi asowa. Ngati m'sabata yotere mbale zikutsukidwabe, chimbudzi chili chaukhondo, madzi akumwa ali ovindikira ndipo aliyense akudziwa ntchito yake, ndondomekoyo ikukuyenerani. Zina zonse zikhoza kudikira sabata yotsatira popanda wina kudwala.